Batire Lopanda Dzina

Pa anthu onse amene ndawagulitsapo katundu kuno ku Misuku, palibe amene anandiwawitsa mutu ngati a Esau Silungwe. Ine ndine Tiyamike, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo ndili ndi kagolosale pamsika wa pamwamba pa phiri. Ndimagulitsa sopo, mchere, machesi ndi matochi, ndipo padenga ndinaikapo sola yotchajira mafoni a anthu. Kuno ndinabwera ndi mwamuna wa ntchito ya zaulimi. Iye atasamutsidwa anapita ndi mtima wake womwe, ine ndinatsala ndi mashelefu. Koma imeneyo tiisiye, lero ndi tsiku la a Silungwe.

Ndi bambo wamtali, wouma ngati nsungwi, wa bondo limodzi lokana kupinda. Amalima khofi pamtunda wa mbali imodzi ya chigwa. Akazi awo anamwalira kalekale, ana anabalalika, wina ku Mzuzu, wina ku Joni. M'nyumba munatsala iwo, nkhuku, ndi wailesi imene inasiya kulankhula.

Tsidya lina, pamtunda woyang'anana ndi wawo, kunkakhala mlongo wawo, a Lettie Nalungwe. Kuno dzina limanena lokha kwawo kwa munthu: mwamuna akakhala Silungwe, mlongo wake ndi Nalungwe, ngakhale akwatiwe kutali bwanji. A Nalungwe nawonso anali amasiye, mwana wawo yekhayo anakwatiwa ku Mbeya. Oyandikana nawo anasamukira kumsewu mmodzimmodzi potsata chigayo ndi sukulu, koma iwo anakana kwamtuwagalu. Ankati khofi wa amuna awo sangamusiyire anyani.

Nyumba ziwirizi zimaonana bwinobwino. Kukacha kopanda nkhungu mukhoza kuona zovala zoyanikidwa tsidya. Koma kuona si kufika. Pakati pali chigwa chakuya, kanjira koterera kotsika m'nthochi, ndi mtsinje umene nthawi ya mvula umanyamula ulalo ngati nkhuni zake. Njira ina ndi yozungulira, kukwera mpaka pamsika pathu pamene mitunda iwiriyi imakumana, kenako n'kutsikira mbali inayo. Kwa munthu wa bondo ngati la a Silungwe, umenewo ndi ulendo wonyamulira kamba. Za foni musanene n'komwe. Netiweki kumeneko imapezeka pachulu chimodzi, ndipo a Nalungwe ankati mabatani amawathawa zala.

Ndiye awiriwa anapangana zawozawo. Lameck, mwana wa a Silungwe wa ku Joni uja, anawatumizira matochi awiri otchaja, iliyonse ya batire limodzi lalitali ngati chala. Dzuwa likangolowa, nkhuku zikulowa m'khola, a Silungwe ankaima pakhonde n'kuphethiritsa tochi kuloza tsidya. A Nalungwe, ali pampando wawo pakhomo, ankayankha. Basi. Mawu panalibe, koma zonse zinkanenedwa: ndilipo, nanunso mulipo, tikagone. Ine ndikamaanula zovala kuseri kwa golosale ndinkationa timoto tiwirito tikupatsana moni kumunsi kwanga, ndipo ndisaname, nsanje inkandigwira. Ine wondiphethirira ndinalibe.

Tsiku la msika onse awiri ankakwera, aliyense njira yake, n'kudzakumana pabenchi ya pakhomo panga. Matochi ankandisiyira kuti ndiwatchaje, iwo n'kumakangana m'chiyankhulo chawo chimene mpaka lero ndimangotolamo moni ndi zikomo. Ankakangana za chilichonse, mtengo wa khofi, nkhuku imene wina anabwereka kalekale, amene ankakondedwa kwambiri ndi mayi awo. Dzuwa likapendeka ankagawana nthochi yootcha n'kusiyana osatsanzikana bwino, poti ankadziwa kuti madzulo aonananso.

Koma batire nalo limakalamba. Aja anabwera ndi matochi, a dzina lawo lolembedwa bwino m'mbali, anayamba kufooka. Madzulo ena a Silungwe anaphethiritsa, tsidya kuli zii. Sanagone tulo. Kutangocha anatsika m'chigwa ndi ndodo, anawoloka madzi ofika m'chiuno, anakwera mtunda winawo chokwawa. Anawapeza alongo awo ali phee pamkeka, akusenda nyemba. Batire linali litangofa.

A Nalungwe sanawayamike ayi. Anawakalipira mpaka nkhuku zinathawa. Nkhaniyi anadzandifotokozera okha pamsika, m'Chichewa chawo chokoma chija.

"Ndawauza, amama. Ndati adumbu, inu mudzafera mu mtsinje chifukwa cha batire. Mukaona mdima kwa ine, muziyamba mwaganiza za batire, za maliro yayi. Ine nikafuna kufa nidzakuuzani."

Adumbu ndiye kuti achimwene. Ndipo achimwene awowo bondo linawatupa ngati dzungu, anakhala osaponda pamsika mpaka mwezi unaoneka wina.

Atachira anabwera kudzafuna mabatire atsopano. A dzina kuno simungawapeze. Amene ndinali nawo ine ndinaoda ku boma kwa Dickson, amene amakatenga katundu ku Tunduma. Anali okutidwa ndi pulasitiki yabuluu, opanda dzina, opanda chithunzi, kupatula nambala yaikulu yolembedwa m'mbali yonena kuchuluka kwa moto wake.

"Monire amama."

"Yewo adada. Bondo lili bwanji?"

"Lilipo. Uyu dzina lake ndi ndani?"

"Alibe dzina, adada, koma amayaka."

"Yayi. Chinthu chopanda dzina ulibe kokadandaula. Inu mukandinyenga, nikudziwa kwanu ndi ku Ntcheu. Ine nikakunyengani, mufunsa kwa Silungwe. Nanga uyu kwawo ndi kuti? Wiske, bambo wake womubala, ndi ndani?"

Ndinawauza kuti batire si mkamwini woti tifufuze mtundu wake. Sanaseke. Analitenga n'kuliika pachikhatho, dzanja linalo ataikapo lakale lija, n'kumayesa kulemera kwake maso ali chitsinzinire. Iwo khofi akathyola amamuthira m'madzi, wopepuka amayandama, ndipo woyandamayo amadziwa kuti m'kati mulibe kanthu. Nzeru imeneyi amayezera nayo chilichonse, nyemba, mazira, ngakhale alaliki. Batire langa linalemera bwino ndithu, ndipo ine ndinayamba kumwetulira.

"Lalemera chomene," anatero. "Ndamva kuti ena amathiramo mchenga."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Likapepuka ndi lachabe, likalemera ndi mchenga, nanga munthu ugulitse chiyani? Analigwedeza pafupi ndi khutu, silinalire. Analinunkhiza. Anakanda pulasitiki ndi chikhadabo. Kenako analoza nambala ija n'kunena kuti munthu akamatchula ng'ombe zambiri pofunsira mbeta, udziwe kuti kwawo kulibe ngakhale mbuzi. Pamenepo pokha ndinavomereza, chifukwa nambala imeneyo ngakhale Dickson amene amaiseka.

Anagula limodzi lokha, loyesera. Ndikulitchaja anakhala pambali pake ataligwira ndi zala ziwiri ngati namwino, kuti amve ngati likutentha. Silinatenthe. Kunyumba anakaliika mu tochi m'mawa, anaiyatsa, anaivindikira ndi dengu n'kupita kukapalira khofi. Ankati akalima mzere amabwera kudzasuzumira, akalima wina amabweranso. Munda tsiku limenelo sunapindule. Tochi inayakabe mpaka mthunzi wa nyumba unatembenuka. Atalitchajitsanso analitsekera m'chitini osaligwiritsa ntchito mpaka msika wina, kuti aone ngati moto umadontha lili chikhalire. Sunadonthe.

"Nanga tsopano, adada?"

"Lapirira. Koma kwanu kuja simumati mkamwini aliyense amalima bwino chaka choyamba?"

Amene anathetsa mlanduwu ndi a Nalungwe. Anali pabenchi akumva zonsezi, tochi yawo ili yakufa pamiyendo. Anaimirira, anatambasula dzanja pakauntala n'kutenga awiri.

"Adumbu, batire ili mukufuna kulikwatira? Ine nikufuna kuona njira ya kuchimbudzi. Perekani, amama."

A Silungwe nawo anaonjezera lina, choncho aliyense anakhala ndi awiri, lina mu tochi, lina lotsala kwa ine likudya dzuwa, n'kumasinthanitsa tsiku la msika. Kuyambira pamenepo ine ndi a Silungwe tinali ndi kamasewera kathu. Akafika ndinkafunsa kuti, nanga alendo opanda dzina aja akukhala bwanji? Iwo ankayankha kuti, tikuwaonabe. Khofi anapsa, anathyoledwa, anachitanso maluwa, yankho lili lomwelo. Ine ndinkangofuna mawu amodzi okha, akuti ndi abwino. Ndinkawafuna mawuwo ngati mchere, ndipo iwo ankadziwa, n'chifukwa chake ankawaumira.

Kenako inafika mvula ya kumapeto, ija imagwa kuno anzathu kumwera atayamba kale kudya zatsopano. Tsiku la msika linavumbwa lonse. A Silungwe anafika atafunda thumba la feteleza, koma a Nalungwe sanakwere, ndipo palibe anadabwa poti njira yawo inali phala lokhalokha. Batire lawo lodzaza linatsala pashelefu yanga. Ine m'mawa mwake ndinatseka golosale kupita ku boma kukaoda katundu, ndipo pobwerera galimoto inatitimira kupitirira pa Kapoka, tinagona kumeneko masiku awiri. Zimene zinkachitika m'chigwa masiku amenewo ndinadzamva pambuyo.

Madzulo oyamba kunali nkhungu yoti munthu sungaone ngakhale khola lako. A Silungwe anaphethiritsa mwamwambo chabe, osayembekezera yankho. Madzulo otsatira kunayera mbee. Anaphethiritsa, tsidya zii. Anaphethiritsanso, anadikira, anazungulitsa tochi m'mwamba. Anafuna kutsika m'chigwa, koma mutu unawaletsa. Mlongo wawo sanabwere kumsika, ndiye kuti sanasinthe batire. Batire lake ndi lija lopanda dzina, limene iwo ankalikayikira chiyambire. Mtsinje unali utadzaza, ulalo utapita. Ndiponso mwini wake ananena yekha pamaso pa anthu kuti mukaona mdima muziyamba mwaganiza za batire. Zonse zinagwirizana bwinobwino. Analowa m'nyumba n'kukagona, ndipo madzulo enanso zinachitika chimodzimodzi.

Ine nditangofika n'kutsegula chitseko, katundu ndisanamasule, ndinawaona akubwera. Silinali tsiku la msika. Matope anali mpaka m'mawondo, koma nkhope inali ya munthu amene wawina mlandu. Moni sanapereke.

"Ninanena ine! Feki! Mkamwini wanu wagona m'munda."

"Mwatani adada?"

"Kwa adumbu kuli mdima. Batire lanu lafa. Nipatseni lawo lodzaza, nipeze munthu akawapatsire, ndipo Dickson wanuyo mukamuuze kuti Silungwe si mwana."

Ine ndinali nditagona pa matumba a sopo m'galimoto yozizira, msana ukuwawa, ndiye munthu n'kudzandinyozera katundu m'mawamawa. Lilime langa silichedwa.

"Adada, musandinyanse. Batire la mtundu womwewo munaliyesa nokha, linayaka pansi pa dengu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Alongo anu amangophethiritsa madzulo ndi kuunikira pakhomo. Ngakhale atadumpha misika iwiri silingathe. Lanu lija munadumpha nalo msika nthawi ya maliro a kwa Kayange, linafa? Batire langa silinafe ayi!"

Ndinanena mokweza kuti ndipambane. Nditatseka pakamwa m'pamene ndinamva zimene ndanena. Nawonso anazimva. Nkhope ija inagwa pang'onopang'ono, dzanja limene anatambasula kuti alandire batire linangotsala m'malere.

"Ngati si batire," anatero chapansipansi, ndipo sanamalize.

Ndinakoka chitseko n'kukhoma. Aaron wa njinga yamoto anatikweza tonse awiri mpaka pamene matope anamukaniza, kotsalako tinayenda pansi. Sindinaonepo munthu wa bondo louma akutsika phiri chotero. Ndodo ankaiponya kutsogolo, thupi n'kumaitsatira, akagwa ankadzuka osadzisasa.

Chitseko tinachipeza chotsegula, nkhuku zili m'nyumba zikutola ufa. Mpando uja unali pakhomo pamalo pake. A Nalungwe anali gone pansi m'kati, pafupi ndi khomo, nkhope italoza kunja. Mbali imodzi ya thupi inali itafa, pakamwa patapotoka, milomo itauma ngati makungwa. Koma maso anali amoyo. Tochi inali pawindo pamwamba pawo, pamene ankaiika masiku onse, malo oti munthu woimirira amangotambasula dzanja.

A Silungwe anagwada, bondo lokana kupinda lija linapinda. Ndinawanyowetsa milomo mayiwo ndi nsalu yoviika m'madzi. Anayesa kulankhula, mawu akutuluka mbali imodzi, ndipo achimwene awo anaika khutu pakamwa pawo. Ananena timawu tochepa m'chiyankhulo chawo. Ine sindinamve. Ndinangoona a Silungwe akutseka maso ngati munthu wamenyedwa ndi chinthu pamutu.

Aaron anakaitana amuna a kumsewu, anamanga machila a bulangete ndi nsungwi n'kuwanyamula mpaka kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anachita zimene akanatha. A Nalungwe sanalankhulenso, ndipo anatisiya galimoto yowatengera ku boma isanapeze podutsa. Ena amati akanapezeka msanga akanachira, ena amati matenda amenewo akagwira agwira. Ine si dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti a Silungwe sanafunse aliyense funso limenelo, ndipo munthu akapanda kufunsa ndiye kuti yankho ali nalo kale.

Anawaika pafupi ndi amuna awo, kumtunda kwa khofi uja. Mwana wa ku Mbeya anabwera, analira, anakhoma nyumba n'kubwerera. Lameck anatumiza uthenga woti bambo ake asamukire ku Mzuzu kwa mchemwali wake. Iwo anakana, anati khofi wa minda iwiri tsopano akuyang'ana iwo.

Panapita misika ingapo osaoneka. Tsiku limene anabwera kunali dzuwa, anthu ali pikitipikiti kugula sopo ndi ndalama za nyemba. Anadikira pabenchi, mbali yawo yomwe ija, mbali inayo ili yopanda munthu, mpaka kauntala inapepuka. Ndinawapatsa moni wa pamaliro, anayankha. Funso lathu lija sindinafunse, ndipo ndinali nditalumbira kuti sindidzafunsanso. M'malo mwake ndinafunsa chimene chinkandidya mumtima.

"Adada, mundikhululukire. Tsiku lija alongo anu anati chiyani?"

Anayankha maso ali kumsewu.

"Anati, nimakuonani. Chitseko chinali chotsegula, amama. Madzulo onse aja nikuphethiritsa, iwo anali pansi paja akuona. Anati nimakuonani, adumbu, munachedwa kuzimitsa."

Mpaka lero sindidziwa ngati mayi aja ankawadandaulira kapena ankawathokoza, ndipo ndikukhulupirira kuti a Silungwe nawonso sadziwa.

Kenako anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa tochi ya alongo awo. Anati chiitengereni pawindo paja sanaiyatsepo, ankaopa. Anaiika pakauntala pakati pa ife awiri, ndipo anaiyang'ana ngati mmene ankayang'anira dengu lija. Ine mumtima ndinapemphera pemphero limene wogulitsa sayenera kupemphera. Ndinati Mulungu, lolani kuti likhale lakufa. Likhale la mchenga, likhale feki, anditukwane pamaso pa msika wonse, ndidzavomera.

Anadina batani. Tochi inayaka, kuwala kwake koyera mbee, kooneka ngakhale masana, mpaka kunawalitsa mapaketi a mchere pashelefu. Anaisiya ikuyaka kanthawi, kenako anaizimitsa.

"Amama," anatero, "mabatire anu ndi abwino."

Mawu amene ndinawadikira nthawi yonse ija anafika, ndipo ndinalowa kuseri kwa makatoni kukalira.

Anthu amandifunsabe akafuna kugula, kodi opanda dzinawa ndi olimba? Ndimawauza zoona, kuti ena ndi zinyalala, ena ndi abwino, ndipo maso okha sangakuuzeni. Ndimati liyezeni m'manja, nambala yolembedwayo musaikhulupirire, gulani limodzi mukalivindikire ndi dengu muone. Koma ndimawonjezera kuti mukaliyesa n'kupambana, mulikhulupirire. Amandiyang'ana modabwa kuti mayi wa ku Ntcheuyu bwanji akulalikira pa nkhani ya batire, ndipo ine sindifotokoza.

A Silungwe amabwerabe tsiku la msika. Amandisiyira mabatire a matochi onse awiri, ngakhale inayo sagwiritsa ntchito, ndipo ine ndimatchaja onse osafunsa. Dzuwa likalowa, ndikamaanula zovala kuseri kwa golosale, ndimaona kamoto kamodzi kumunsi kakuphethira kuloza tsidya, kumene nyumba ili yokhoma. Kamaphethira, kamadikira, kamaphethiranso, ndipo kamachedwa kuzima. Tochi ndili nayo pafupi, yodzaza moto, ndipo kangapo ndaigwirapo m'manja. Koma si ine amene akufunsidwa.